Tsiku limene mawu a agogo adasowa

Kudera la Domwe, m'boma la Angonia, kuli mnyamata wina amene ntchito yake ndi kujambula maukwati. Kamera yake ndi yogula pakaunjika. Adamubweretsera ndi msuweni wake wogwira ntchito ku Joni. Ali ndi laputopu yakale imene batire lake lidafa kale, kotero imayaka pokhapokha ikalumikizidwa ku magetsi. Ndi zida ziwirizi wajambula maukwati, zinkhoswe ndi maubatizo kuyambira ku Ulongwe mpaka kumidzi ya m'malire.

Anthu ankamutama chifukwa cha zithunzi. Mkwatibwi ankaoneka wowala, keke inkaoneka yaikulu, azakhali ovina ankadziona okha n'kumaseka. Za mawu panalibe wodandaula, pakuti paukwati mawu ndi phokoso la zimasipika basi. Choncho mnyamatayo adakula m'ntchito yake akukhulupirira kuti filimu ndi maso, makutu amangotsatira pambuyo.

Mnyamatayo adaleredwa ndi agogo ake aakazi, mayi wa amayi ake. Agogowa adathawa nkhondo mu 1986, n'kukakhala tsidya lija ku Dedza pamodzi ndi anthu ena ambirimbiri. Pofika 1992 dziko la Malawi linkasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Iwo adabwerera mu 1993, atasenza mphika umodzi ndi kathumba ka mbewu ya mbatatesi. Ana awo awiri sadabwere nawo. Adagona komweko. Nkhani imeneyi pabanjapo inkadziwika, koma mwini wake sankaikamba.

Tsiku lina m'mwezi wa July 2022, kukuzizira monga kumachitira ku Angonia, agogo ankasankha mbewu pakhonde ndipo adangoyamba okha kufotokoza. Mdzukuluyo adawadula pakamwa mwaulemu.

"Agogo, mundilole nditenge kamera. Zimenezi zisathere m'makutu mwanga mokha."

"Katenge, mwanawe," adatero agogo. "Koma ndinena kamodzi kokha. Usadzandiuze kuti ndibwereze ngati mwana wa sukulu."

Pofuna kuti mawu amveke bwino, mnyamatayo adathamangira kutchalitchi kukabwereka maikolofoni ya mlaliki. Pulagi yake inali yaikulu, ya mano atatu, pamene kabowo ka kamera n'kakang'ono. Adatenga chingwe chimene wokonza mawailesi wina adamulumikizira pamsika. Atavala mahedifoni adamva mawu akulowa, ndipo mtima udakhala pansi. Agogo adalankhula pafupifupi ola lathunthu. Adatchula njira imene adadzera usiku, mudzi umene udawalandira, mtengo umene uli pafupi ndi manda, ndi maina a ana awiri aja.

M'mwezi wa August agogo adagwa pabwalo. Kuchipatala adati ndi sitiroko. Moyo udatsala, koma dzanja lamanja lidafooka ndipo lilime lidalemera. Kuyambira pamenepo mawu awo ankangomveka kwa amene adawazolowera. Zija adanena zoti anena kamodzi kokha zidapherezera.

Nthawi yomweyo kudamveka kuti nyumba ina ya wailesi ya kanema ikulandira mafilimu aafupi ochokera m'maboma, oti adzaonetsedwe pa 4 October, pokumbukira zaka 30 chisainireni pangano la mtendere ku Rome mu 1992. Mnyamatayo adakhala milungu itatu akudula ndi kulumikiza, mpaka ola lija lidasanduka mphindi 12. Pansi pa mawu a agogo adaikapo nyimbo ya kwaya ya kutchalitchi kwawo, n'kuikweza ndithu kuti igwire mtima. Atamaliza adatulutsa filimuyo m'kompyuta monga ankachitira ndi maukwati. Adasankha pamene padalembedwa kuti za pa intaneti, fayilo idatuluka yaing'ono, ndipo adaitumiza pafoni monga anthu amatumizirana zithunzi.

Patapita masiku atatu yankho lidafika. Linali la mizere inayi m'Chipwitikizi. Nkhani yake ndi yabwino, koma filimu sitingaiulutse chifukwa mawu sali m'muyezo.

Mnyamatayo adapsa mtima. Adauza aliyense kuti anthu a m'tauni amanyoza za kumudzi, kuti akadakhala mwana wa bwana wina sakadam'bwezera. Amalume ake adamumvetsera mpaka adatopa.

"Mphwanga, kodi wawafunsa chimene chalakwika? Safunsa adadya phula. Ndagulitsa matumba awiri a mbatatesi. Tenga ndalama izi, ukwere chapa, ukamve ndi makutu ako."

Kuchokera ku Ulongwe kukafika mumzinda wa Tete ndi mtunda woposa makilomita 200. Adanyamuka mbandakucha atavala jekete, adadutsa pa Mussacama ndi ku Moatize, ndipo pofika ku Zambezi jekete ija inali m'manja chifukwa cha kutentha. Kunyumba ya kanema adamulozera kachipinda kopanda zenera. M'menemo munali bambo wina wa imvi, mmisiri wa mawu, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe. Patebulo pake panali masipika awiri aakulu, ndipo pakati pawo kasipika kamodzi kakang'ono, konyozeka, konga ka wailesi ya m'thumba.

"Khala apa, mwana wanga. Timvere limodzi."

Filimu idayamba pa masipika aakulu aja. Mawu a agogo adamveka, ngakhale ankakhala ngati akuchokera m'mgolo. Mnyamatayo adayang'ana bamboyo ngati wopambana mlandu. Bamboyo sadanene kanthu. Adangodina batani limodzi, mawu onse n'kusamukira mu kasipika kaja.

Agogo adasowa. Pakanema milomo yawo inkagwedera, dzanja linkaloza ku Dedza, koma mawu kunalibe. Ngakhale tambala amene adalira kuseri kwa nyumba tsiku lija adasowa. Idatsala kwaya yokha, ikuimbira nkhalamba yosalankhula. Mnyamatayo adazizidwa nkhongono, pakuti zimene ankaona pakanemapo n'zomwe adasiya kunyumba pamphasa.

"Kumudzi kwanu anthu amaonera pa kanema wotani?" adafunsa bamboyo.

"Kakang'ono, bambo. Ka pagolosale, kamene timaonerapo mpira."

"Kali ndi masipika angati?"

"Imodzi."

"Basi, agogo ako akadafika kwanu ali chonchi."

Bamboyo adafotokoza modekha. Maikolofoni ya mano atatu imatumiza mawu pa mawaya awiri. Waya wina umanyamula mawuwo molunjika, wina umanyamula omwewo mozondoka. Makina oyenera amadziwa kuwabweza kuti agwirizane. Koma chingwe cha pamsika chija chidatenga waya wina n'kuupereka kukhutu lamanzere, wina kukhutu lamanja. Pa mahedifoni khutu lililonse limamva zake, ndiye munthu sazindikira msanga. Kanema wa sipika imodzi amaphatikiza mbali ziwirizo, ndipo zikakumana zimafafanizana.

"Uli ndi ngolo kwanu? Mangirira ng'ombe ziwiri zamphamvu zofanana, ina iyang'ane kutsogolo, ina kumbuyo. Zikoke tsiku lonse. Ngolo idzasuntha?"

Limenelo linali vuto loyamba. Lachiwiri linali chiwerengero. Makina akamajambula mawu amawatapa pang'onopang'ono, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Nyimbo za pa CD zimatapidwa ka 44,100 pa sekondi. Ntchito ya kanema imayendera 48,000. Filimu ya mnyamatayo idatuluka pa 44,100. Makina ena amakonza okha, ena amakana fayiloyo, koma alipo ena amene amangoiwerenga ngati ya 48,000. Zikatero mawu amathamanga, nkhalamba imamveka ngati mtsikana, ndipo pa filimu ya mphindi 12 mawu amatha pafupifupi mphindi imodzi chithunzi chisanathe. Zithunzi nazo zinali ndi mlandu wake. Kamera ya pakaunjika ija idatcheredwa pa zithunzi 30 pa sekondi, monga ku America kumene magetsi amayenda ka 60 pa sekondi. Kuno magetsi ndi a 50, ndipo kanema amayenda pa zithunzi 25.

Lachitatu linali kufinya. Mafayilo a MP3 ndi AAC amachepa chifukwa amataya mbali zina za mawu zimene khutu silizimva msanga. Zotayidwazo sizibwerera. Nyimbo ya kwaya inali yofinya kale, kompyuta idafinyanso potulutsa, foni idafinyanso potumiza, ndipo nyumba ya kanema nayo imafinya poulutsa.

"Tenga chitupa chako ukachite fotokope," adatero bamboyo. "Fotokopeyo uichitenso fotokope, kanayi. Pamapeto nkhope idzakhala ya ndani? N'chifukwa chake ife timafuna mawu osafinya, a PCM, a mabiti 24, monga amakhalira mu fayilo ya WAV. Kufinya kuchitike kamodzi, kuno."

Lachinayi linali kukweza. Mnyamatayo adakweza zonse mpaka kumapeto, monga amachitira paukwati. Apa bamboyo adatulutsa pepala la masamba awiri, lolembedwa zonse zimene nyumbayo imafuna kwa wobweretsa filimu. Adati kale wotsatsa malonda aliyense ankakweza mawu ake kuposa mnzake, mpaka woonera ankakhalira kutsitsa ndi kukweza. Mu 2006 bungwe la ITU lidakhazikitsa njira yoyezera kukula kwa mawu monga khutu la munthu limamvera, ndipo mu 2010 bungwe la nyumba zoulutsa mawu ku Ulaya, la EBU, lidatulutsa muyezo wotchedwa R128. Muyezowu umati pulogalamu yonse, kuyambira poyamba mpaka pothera, ikhale pa -23 LUFS, ndipo nsonga ya phokoso lalikulu isapitirire -1. Pepala la nyumbayo linkatsata muyezo umenewu.

Mnyamatayo adadandaula kuti manambalawo ndi ambiri.

"Amalume ako akamagulitsa mbatatesi, wogula akabwera ndi chitini chake chachikulu, iwo ndi chawo chaching'ono, pamakhala mtendere? Kilo ya ku Domwe iyenera kukhala kilo ya ku Tete. Pepala ili ndi sikelo basi. Silifunsa kuti ndiwe mwana wa yani."

Kenaka bamboyo adafunsa funso limene lidamuumitsa mnyamatayo pakhosi.

"Zoyambirira uli nazo? Zimene zidatuluka m'kamera, zosakhudzidwa?"

M'laputopu munalibe. Adazifufuta atangotumiza filimu ija, kuti apeze malo a ukwati wina. Chizolowezi chake chinali chofufutanso kakhadi ka m'kamera Loweruka lililonse. Koma adakumbukira kuti tsiku limene ankafuna kukafufuta, amayi ake adamulanda m'manja.

"Mawu a amayi anga sungawapukute ngati bolodi ya kusukulu. Kagule kena."

Adanyinyirika pogula kena, koma kakale kaja amayi adakamanga pakansalu n'kukaika m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo.

"Ukawathokoze amayi akowo," adatero bamboyo. "Mawu a agogo ako ali bwinobwino m'menemo. Angoima mozondoka. Uli ndi masiku asanu."

Mnyamatayo adabwerera ndi pepala lija m'thumba la malaya. Kumudzi magetsi a sola sakadakwanitsa laputopu yopanda batire usiku wonse, choncho adapempha malo kwa mnzake wa shopu ya fotokope ku Ulongwe. Shopu ikatsekedwa madzulo, iye ankayamba ntchito, pepala lili pambali, akuchonga mzere umodziumodzi.

Adakopera zonse za pakakhadi kaja, n'kukabwezera kwa amayi ake tsiku lomwelo. Adayambitsa ntchito yatsopano pa zithunzi 25 ndi mawu a 48,000. Poti agogo adajambulidwa atakhala phee pampando, kuchotsa zithunzi zisanu pa sekondi sikudaoneke kwenikweni, kupatula pamene nkhuku idadutsa mothamanga. Pa mawu a agogo adataya mbali yamanja yonse, n'kutenga yamanzere yokha kuiika pakati kuti ipite mofanana ku makutu onse awiri. Kumveka kwa mumgolo kuja kudatheratu. Adapita kwa mtsogoleri wa kwaya kukapempha nyimbo ija monga idajambulidwira poyamba, isanafinyidwe. Adaitsitsa kwambiri, ndipo pamene agogo ankatchula maina a ana awo adaichotseratu. Apa ndi pamene adamva chinthu chimene sadachimvepo milungu itatu yonse ija: agogo asanatchule dzina lachiwiri adapuma kaye, n'kumeza malovu. Kwaya ija inkabisa zimenezo.

Adayatsa muyezo wa m'kompyuta, n'kuisiya filimu iyende yonse osaidumphitsa, pakuti muyezowu umawerengera pulogalamu yathunthu. Adatsitsa, n'kuyezanso, mpaka nambala idaima pa -23. Mizere ya mawu adaiyala monga pepala lidanenera. Woyamba ndi wachiwiri, zonse pamodzi. Wachitatu, mawu a agogo okha. Wachinayi, nyimbo yokha, kuti ngati nyumbayo ifuna kuikapo womasulira m'Chipwitikizi isavutike. Kutsogolo kwa filimu adaikako mizere yamitundumitundu ndi kulira kuja kwa 1,000 pa sekondi, pa -18, kumene amisiri amatcherera makina awo. Pomaliza adatulutsa fayilo ya MXF, ya mizere 1,080, yoyenda mamegabiti 50 pa sekondi.

Asanakhulupirire maso ake pa manambala, adabwereka kasipika kamodzi ka mlonda wa pashopupo, n'kudina pophatikiza mbali zonse ziwiri. Agogo adalankhula. Mlonda uja, amene nayenso adakulira tsidya lija nthawi ya nkhondo, adaima pakhomo mpaka filimu idatha, osanena kanthu.

Vuto lotsiriza lidabwera pakati pausiku. Fayilo idatuluka yoposa magigabaiti 4.5, ndipo fulashi idakana kuilandira ngakhale malo analimo ambiri. Adaimbira foni bambo uja mwamantha, poopa kuwadzutsa.

"Pepani bambo, ndakusokonezani tulo."

"Wachita bwino kuimba. Fulashi yako ili pa FAT32, imene siilandira fayilo imodzi yoposa magigabaiti 4. Chotsamo zako zonse, uikonze pa exFAT. Ndipo usayerekeze kuichepetsa fayiloyo kuti ikwane."

Ulendo wachiwiri wa ku Tete adalipira ndi ndalama ya ukwati umene anali asanaujambule. Bamboyo adaika fulashi, adayang'ana manambala, kenaka adadina batani lija. Adamvetsera mphindi zonse 12 pa kasipika konyozeka kaja. Atamaliza adavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Kawauze agogo ako kuti Lachiwiri asagone msanga."

Pa 4 October 2022 anthu adadzaza pagolosale dzuwa lisanalowe. Achibale ena adaoloka pa Calomue kuchokera ku Dedza. Agogo adabwera nawo pangolo, atafunda bulangete, n'kuwakhazika kutsogolo. Mwini golosale adazimitsa firiji kuti isachite phokoso. Filimu itayamba, mawu adatuluka m'kasipika kamodzi kaja ali oyera, osathamanga, osaphimbidwa. Ana amene adangowadziwa agogowa ali odwala adatembenuka kuwayang'ana, kenaka n'kuyang'ananso kanema. Pofika pa maina aja panali zii. Amene adakhala pafupi adaona milomo ya agogo ikuyenda pamodzi ndi ya pakanema, ndipo dzina lachiwiri adalitchula limodzi, momveka.

Mnyamatayo akujambulabe maukwati. Kamera ndi yomwe ija, koma tsopano ili pa 25. Chingwe cha pamsika adachipachika pamsomali, adagula choyenera. Sadasanduke munthu wamkulu, ndipo ngongole ya amalume adaibweza pang'onopang'ono. Chidasintha ndi kagwiridwe ka ntchito. Asanajambule chilichonse chopita ku nyumba ya kanema amayamba wapempha pepala la nyumbayo, chifukwa nyumba iliyonse ili ndi lake, ndipo mizere ya mawu imene ina imafuna si imene inzake imafuna. Zoyambirira amasunga pawiri. M'chikwama chake, pambali pa kamera, mumakhala kasipika kamodzi kotchipa, ndipo palibe filimu imene imachoka m'manja mwake isanadutse m'menemo.

Anyamata ojambula achuluka m'midzi ya m'malire muno, ena ndi makamera, ena ndi mafoni. Akabwera kudzamuonetsa ntchito yawo, amayembekeza kuti ayamikira kuwala kwa zithunzi. Iye amatembenuza laputopu kuti iyang'ane kukhoma, n'kuwauza kuti akhale pansi amvere kaye. Ena amaseka. Akatero amawafotokozera za tsiku lija ku Tete, pamene adaona agogo ake akulankhula popanda mawu.

Kakhadi kaja kadakali m'sutikesi ya amayi ake, pakansalu komwe kaja.